Tiber Creek: kamtsinje ka mayina awiri kamene kanakwiriridwa pansi pa mzinda wa Washington

Munthu amene amatsatira nkhani za madzi osefukira ku America akhoza kusokonezeka ndi dzina lakuti Tiber. Amene anaphunzirako mbiri ya ku Ulaya amadziwa kuti Tiber ndi mtsinje wa ku Italy, wotalika makilomita pafupifupi 400, umene umadutsa mumzinda wa Rome. Koma mu 2016, kenakonso mu 2018, kunamveka kuti Tiber wasefukira n'kukokolola magalimoto m'tauni ya Ellicott City, m'chigawo cha Maryland. Ndiye pali Tiber wachitatu, amene amatchulidwa madzi akalowa m'nyumba za boma pakati pa mzinda wa Washington. Wachitatuyu ndiye wozunguza mutu, chifukwa ngakhale mutayenda mzinda wonsewo mapu ali m'manja, simungapeze gombe lake.

Mitsinje itatuyi si pachibale. Nkhani ino ikunena za wa ku Washington, kamtsinje kamene mabuku amakatcha Tiber Creek, koma kamene alimi a m'deralo kwa zaka zambiri ankangoti Goose Creek, kutanthauza kamtsinje ka atsekwe. Kuti timvetse mmene kamtsinje kamodzi kanakhalira ndi mayina awiri, ndiponso mmene kanasowera dzina lake n'kutsala, tiyenera kuyamba ndi mawu angapo amene olemba nkhani amawagwiritsa ntchito ngati kuti aliyense amawadziwa.

Mtsinje wothira mu unzake

Mitsinje yambiri padziko lapansi siifika kunyanja yokha. Imathera mu mtsinje wina waukulu, waukuluwo n'kunyamula madzi onse kupita nawo kutsogolo. Tiber Creek kanali ka mtundu umenewu: kankathira mu mtsinje wa Potomac, Potomac n'kuthira mu Chesapeake Bay, kumene madziwo amakumana ndi nyanja ya Atlantic.

Kamtsinje kalikonse kali ndi dera lake lotolera madzi. Taganizirani denga la nyumba. Mvula ikagwa mbali ino ya mtanda wa denga, madzi amatsetserekera kuno. Ikagwa mbali inayo, amapita uko. Zitunda ndi mapiri zimagwira ntchito ya mtanda umenewu. Dontho lililonse logwera mkati mwa malire a zitundazo limatsikira m'khwawa limodzi, kaya pamwamba pake pali nkhalango, munda, kapena phula. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Funso limene limavuta ndi lakuti: mitsinje iwiri ikakumana, ndi uti umene wathira mu unzake? Ambiri angayankhe kuti waung'ono ndiwo umathira mu waukulu, ndipo dzina la waukulu ndilo limapitirira. Nthawi zambiri zimaterodi, koma si lamulo. Pafupi ndi mzinda wa St. Louis, mtsinje wa Missouri umakumana ndi Mississippi. Pamenepo Missouri amakhala atayenda mtunda wautali kuposa mnzakeyo, komabe dzina limene limapitirira ndi Mississippi. Kumunsi kwake, pa Cairo m'chigawo cha Illinois, mtsinje wa Ohio umabwera ndi madzi ambiri kuposa Mississippi, koma nawonso umataya dzina. Chimene chinagamula si kutalika kapena kuchuluka kwa madzi, koma mmene anthu anazolowerera kutchula, ndi zimene ojambula mapu oyambirira analemba.

Akatswiri a za madzi anayesa kuthawa chisokonezo cha mayinachi pogwiritsa ntchito manambala. M'zaka za m'ma 1950, Arthur Strahler anakonza njira imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Kamtsinje kochokera pa kasupe, kamene palibe kena kothiramo, kamapatsidwa nambala 1. Tiwiri ta nambala 1 tikakumana timabala nambala 2, tiwiri ta nambala 2 timabala nambala 3, mpaka m'tsogolo. Pa muyeso umenewu Mississippi amafika pa 10. Timitsinje ta manambala otsika ndito tochuluka kwambiri padziko, ndipo ndito timasowa msanga mzinda ukamakula, chifukwa n'tosavuta kutsekera m'paipi.

Liwu lakuti creek

Liwuli lili ndi matanthauzo awiri, ndipo onse akukhudza nkhani yathu. Ku England, creek ndi kamkono ka nyanja kolowa kumtunda, kamene kamadzaza madzi a m'nyanja akakwera n'kutsala matope akatsika. Angelezi atafika ku America ankalowa kumtunda ndi ngalawa kudzera m'timikono totere, ndipo dzinalo linkakwera nawo mpaka kumene madzi ndi opanda mchere. Pang'ono ndi pang'ono, m'Chingelezi cha ku America liwuli linayamba kutanthauza kamtsinje kalikonse.

Si liwu lokhali ayi. Kuzungulira Washington mupeza timitsinje totchedwa run, monga Four Mile Run, ndi tina totchedwa branch, monga Piney Branch. Kumene kunakhala Adatchi kunatsala liwu lakuti kill, limene likumveka m'dzina la mtsinje wa Schuylkill. Ku New England amakonda brook, ku Louisiana bayou. Palibe muyeso wa boma wonena kuti madzi akafika pakuti asiya kukhala creek, asanduka river. Kaundula wa mayina a malo wa boma la America amaika zonsezi m'gulu limodzi la madzi oyenda. Choncho liwu lili kumapeto kwa dzina limakuuzani zambiri za anthu amene anatcha kuposa za kukula kwa madziwo.

Tiber Creek kanali ndi nkhope zonse ziwiri. Kumtunda kanali kamtsinje koti munthu n'kuoloka atapinda buluku. Kumunsi kanali kotambalala, ka matope ndi mabango, kodzaza ndi kuphwa potsatira madzi a Potomac, amene pamenepo amakwera ndi kutsika limodzi ndi nyanja.

Kumene kankadutsa

Magwero ake anali akasupe a m'zitunda za kumpoto kwa mzinda wakale, cha kumene kuli nyumba yosungirako asilikali opuma pantchito imene anthu amaitcha Soldiers' Home. Timakwawa tingapo tinkatsika kuchokera kumeneko, kudutsa dera limene lero ndi Bloomingdale, n'kumakumana pamene tikulowera kumwera. Kamtsinjeko kankadutsa pafupi ndi pamene pali siteshoni ya sitima ya Union Station, n'kufika patsinde pa chitunda chimene pali Capitol, nyumba ya malamulo ya dzikolo. Pamenepo kankakhota kuloza kumadzulo. Kuchokera pokhota mpaka pothira, kankatsata mzere umene lero ndi msewu waukulu wa Constitution Avenue, n'kulowa mu Potomac cha pa 17th Street, kumwera kwa White House.

Munthu woima pa 17th Street lero angatsutse, chifukwa Potomac ali kutali ndithu ndi pamenepo. Zoona zake n'zakuti gombe ndilo linasuntha. Madzi atasefukira mu 1881 n'kufika mkatikati mwa mzinda, mainjiniya a asilikali anayamba mu 1882 kukumba matope pansi pa Potomac n'kumawathira m'mbali. Matope amenewo ndiwo anasanduka mtunda umene pali Lincoln Memorial, chipilala chimene chinatsegulidwa mu 1922. Alendo amene amajambulitsa pamenepo amaima pamalo pamene kale pankayandama ngalawa.

Pali zizindikiro ziwiri zimene zatsala poyera. Choyamba ndi kanyumba kamiyala kamene kali pamphambano ya 17th Street ndi Constitution Avenue. Kanamangidwa m'zaka za m'ma 1830 kuti muzikhala munthu wotsegula ndi kutseka zitseko za ngalande ya ngalawa, ndipo ndi nyumba yakale kuposa zonse pabwalo lalikulu la National Mall. Mu 2017 anakasuntha pang'ono kukachotsa m'kamwa mwa msewu. Kanyumba ka woyang'anira ngalande kali pakati pa magalimoto, popanda ngakhale chithaphwi pafupi: amene sadziwa mbiriyi amangokadutsa.

Chachiwiri ndi mwala waufupi, wosafika m'chiuno, umene uli pakapinga pafupi ndi chipilala cha Washington Monument. Umatchedwa Jefferson Pier. Chizindikiro choyamba pamalopo chinaikidwa mu 1804, posonyeza pamene mzere wochokera ku White House kulowera kumwera umakumana ndi mzere wochokera ku Capitol kulowera kumadzulo. Nthawi imeneyo malowo anali m'mphepete mwenimweni mwa Tiber Creek, moti eni ngalawa ankamangirirapo zingwe. Chipilala chachikulu cha Washington, chimene anayamba kumanga mu 1848, sichinaime pamphambano ya mizere iwiriyo koma chapambali, pokwera pang'ono, ndipo chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti nthaka ya m'gombe inali yofewa.

Dera la pafupi ndi Union Station nalonso linali ndi dzina lochokera ku kamtsinjeka. Anthu ochokera ku Ireland amene anamanga nyumba zawo kumeneko m'zaka za m'ma 1800 ankakhala pakati pa madambo ndi zithaphwi zotsala Tiber akasefukira, ndipo malowo anatchedwa Swampoodle, dzina lophatikiza mawu a Chingelezi a dambo ndi chithaphwi. Mbali yaikulu ya dera limeneli inagwetsedwa pomanga siteshoni, imene inayamba kulandira sitima mu 1907.

Goose kapena Tiber

Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri imayenda motere. Kamtsinjeka kanali Goose Creek, dzina wamba lochokera ku atsekwe amene ankatera m'madambo ake. Kenaka kunabwera munthu wina dzina lake Francis Pope, amene anapatsidwa malo okwana maekala 400 m'mbali mwake. Dzina lakuti Pope m'Chingelezi ndi lomwe lija la Papa wa ku Rome. Mwina mwanthabwala, mwina monyada, iye anatcha munda wake Rome, ndipo poti Rome sakhala wopanda Tiber, kamtsinje ka atsekwe kanalandira dzina la mtsinje wa mafumu.

Mbali ina ya nkhaniyi ili ndi umboni wolembedwa. Chikalata cha malo cha mu 1663, nthawi imene dera lonseli linali pansi pa atsamunda a Maryland, chimatchula malo a Francis Pope otchedwa Rome, ndipo pofotokoza malire ake chimatchula mtengo woima pakamwa pa kamkono ka madzi kotchedwa Tiber. Pope sanali yekha pa khalidwe lotcha minda mayina a mizinda yakale. Malo oyandikana nawo, amene mbali yake inadzakhala chitunda cha Capitol, analembetsedwa ndi dzina lakuti New Troy.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene ambiri amachiphonya. Mu 1804 mlakatuli wa ku Ireland, Thomas Moore, anacheza ku Washington n'kupeza mzinda wa mapulani aakulu koma nyumba zowerengeka, misewu ili matope okhaokha. M'ndakatulo imene inatuluka mu 1806 ananyogodola eni mzindawo kuti akudziyesa Aroma atsopano, mpaka kamtsinje ka atsekwe akukatcha Tiber. Chipongwe chimenechi chinamamatira, ndipo mpaka lero anthu ambiri amakhulupirira kuti dzinali linapekedwa ndi andale ofuna kukometsa likulu lawo. Komatu chikalata chija chinalembedwa zaka 127 lisanakhazikitsidwe lamulo la mu 1790 lonena kuti likulu la dziko limangidwe m'mbali mwa Potomac. Pamene Pope ankalembetsa malo ake, dziko la United States kunalibe, George Washington, pulezidenti wake woyamba, anali asanabadwe.

Komabe Moore sananame kotheratu. M'zaka za m'ma 1700, dzina limene linali pakamwa pa anthu okhala m'mbali mwa kamtsinjeka linali Goose Creek. Okonza mzinda atafika anapeza mayina onse awiri alipo, ndipo anasankha limene linkagwirizana ndi maloto awo. Anali anthu okonda za Aroma: nyumba yapamwamba ya malamulo anaitcha Senate, nyumba yochitiramo misonkhanoyo anaitcha Capitol potengera chitunda china cha ku Rome. Pierre Charles L'Enfant, Mfalansa amene anajambula pulani ya mzindawu mu 1791, analemba Tiber. Pulaniyo inafika ponena kuti gwero la kamtsinjeka lili pamwamba ndi mafiti 236, amene ndi mamita pafupifupi 72, kuyerekeza ndi madzi a kumathiriro kwake. Sanayeze mwachisawawa. L'Enfant ankafuna kukoka madziwo kuti afike pa Capitol n'kumagwa ngati mathithi patsogolo pake. Mathithiwo sanamangidwe, L'Enfant anachotsedwa ntchito mu 1792, ndipo pulani inamalizidwa ndi wopima malo Andrew Ellicott. Tingotchulako podutsa kuti Ellicott ameneyu anali wa banja lomwe lija linayambitsa Ellicott City, tauni ya Tiber winayo.

Ndiye dzina lenileni ndi liti? Zikutengera chimene mukutcha chenicheni. Ngati ndi pepala lakale, Tiber ali ndi 1663. Ngati ndi pakamwa pa anthu, Goose ali ndi mibadwo ya alimi, asodzi ndi apangalawa. Zili ngati munthu amene pachiphaso pake palembedwa dzina lina koma kwawo konse amamuitana lina; mukafunsa ku ofesi mumva ili, mukafunsa anzake mumva ilo, ndipo palibe akunama. N'zothekanso kuti poyamba mayinawa sankanena chinthu chimodzi. Chikalata cha Pope chikunena za kamkono ka kumunsi, pamene dzina la atsekwe likanatha kukhala la kamtsinje konse.

Mayina onse awiriwa anabwera ndi atsamunda. Iwo asanafike, m'derali munkakhala anthu a mtundu wa Nacotchtank, amene Mngelezi wina, John Smith, anawapeza atakwera Potomac ndi ngalawa mu 1608. Dzina lawo linapotozedwa m'kamwa mwa azungu mpaka kukhala Anacostia, limene lero ndi dzina la mtsinje wa kum'mawa kwa mzindawu. Nawonso mtsinje umenewo unakhala ndi mayina awiri kwa nthawi yaitali, poti mapu ambiri akale amautcha Eastern Branch, ngati kuti ndi nthambi chabe ya Potomac.

Amene amagamula za mayina

Mikangano yotere inali yochuluka m'dziko lonselo, moti nthambi za boma zinkalemba malo amodzi ndi mayina osiyana, wa positi lake, wa mapu lake, wa asilikali lakenso. Mu 1890 Pulezidenti Benjamin Harrison anakhazikitsa bungwe la Board on Geographic Names kuti lizigamula dzina limodzi loti boma lizigwiritsa ntchito, ndipo mu 1947 nyumba ya malamulo inalikhazikitsanso mwa lamulo. Bungweli silipita m'midzi kukatcha mitsinje. Limalandira madandaulo ndi maganizo, n'kufufuza, ndipo mfundo yake yaikulu ndi kutsatira dzina limene anthu a pamalopo akugwiritsa ntchito. Kutcha malo dzina la munthu kumaloledwa pokhapokha munthuyo atamwalira zaka zosachepera zisanu zapitazo.

Likagamula, mayina enawo satayidwa. Amalembedwa m'kaundula monga mayina ena a malo omwewo, ndipo malo amene anasowa amasungidwabe ndi chizindikiro chakuti ndi a m'mbiri. Bungweli limabwereranso m'mbuyo anthu akakana. Linachotsa chilembo chomaliza m'dzina la mzinda wa Pittsburgh, eni mzinda anakana kwa zaka pafupifupi 20, ndipo mu 1911 chilembocho chinabwezedwa. Mu 2022 malo pafupifupi 650, ambiri mwa iwo timitsinje, zigwa ndi mapiri, anasinthidwa mayina chifukwa anali ndi liwu lonyoza amayi a mitundu ya eni nthaka.

Poyang'ana mfundo za bungweli, dzina lakuti Goose Creek linali ndi vuto limodzi: ndi lofala kwambiri. Pali Goose Creek wina m'chigawo cha Virginia amene amathiranso mu Potomac yemweyo, kumtunda kwa Washington. Koma bungweli linabadwa mochedwa pa mlandu wa Tiber. Pofika 1890 nkhani inali itagamulidwa kale ndi mapu a mzinda, ndipo mbali yaikulu ya kamtsinjeko inali kale pansi pa njerwa.

Kuchoka pa kamtsinje kufika pa ngalande, kenaka paipi

Okonza mzinda ankaona Tiber ngati msewu wa malonda. Maganizo anali akuti mbali ya kumunsi aiwongole ikhale ngalande ya ngalawa yolumikiza Potomac ndi Anacostia kudutsa pakati pa mzinda. Ntchito inayamba mu 1810 motsogozedwa ndi katswiri wa zomangamanga Benjamin Henry Latrobe, ndipo ngalandeyo, Washington City Canal, inatsegulidwa mu 1815. Inali yosaya, moti ngalawa zolemera sizinkadutsa. Choipa kwambiri, madzi akakwera ankabwera ndi matope kuchokera mbali zonse ziwiri n'kuwasiya momwemo. Ankakumba, matope n'kubwerera. Sitima za pamtunda zitayamba kunyamula katundu, ngalandeyo inatsala yopanda ntchito.

Yopanda ntchito ya malonda, tinene choncho, chifukwa ntchito ina inaipeza yokha. Mzinda unkakula, ndipo zonyansa za m'nyumba, za m'misika ndi za m'makola zinkatsikira kumalo otsika kuposa onse, amene anali ngalande yomweyo. Pofika nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, chimene chinkayenda pakati pa White House ndi Capitol chinali chimbudzi chosavundikira. Madzi akaphwa, zonse zinkatsala poyera padzuwa.

Mu 1871 mzindawu unapatsidwa boma latsopano, ndipo mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa Alexander Shepherd wa m'bungwe loona ntchito za chitukuko. M'zaka zochepa chabe iye anaika miyala m'misewu, anabzala mitengo, anayala mapaipi, ndipo anatseka ngalande ija. Anamanga mphanga yaikulu ya njerwa yoti madzi azidutsamo, pamwamba n'kuthira dothi. Msewu umene unabadwa pamenepo unkatchedwa B Street, ndipo mu 1931 unasinthidwa kukhala Constitution Avenue. Mbali za kumtunda nazo zinatsekeredwa chimodzichimodzi pamene nyumba zinkafalikira kumpoto.

Za Shepherd anthu amagawanika mpaka lero. Ena amati ndiye anapulumutsa Washington pa nthawi imene kunali mawu akuti likulu lisamukire kwina. Ena amaloza ngongole imene anasiya, yopitirira kutali ndalama zimene zinavomerezedwa, imene inali chimodzi mwa zifukwa zimene nyumba ya malamulo inathetsera boma la mzindawo mu 1874. Anthu a ku Washington anakhala pafupifupi zaka 100 osasankha okha atsogoleri a mzinda wawo, mpaka lamulo la mu 1973.

Mapaipi a nthawi imeneyo anali ophatikiza: madzi a mvula ndi zonyansa za m'zimbudzi zimayenda m'njira imodzi. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mzindawu likadali pa mapaipi otere. Kukakhala kouma, zonse zimapita kumalo oyeretsera madzi a Blue Plains, kumwera kwa mzinda. Mvula ikachuluka, mapaipi amadzaza, zotsalazo n'kutayikira m'mitsinje. Chodabwitsa n'chakuti mapaipi amene ananyamula madzi a Tiber anawalozetsa kumwera ndi kum'mawa, ku Anacostia. Kamtsinje kamene mabuku amati kamathira mu Potomac kanasinthidwa kothira ndi manja a anthu.

Kuti muone kusiyana, yang'anani Rock Creek, kamtsinje kena ka mumzinda womwewo. Iko kamadutsa m'chigwa chakuya cha miyala chimene chinali chovuta kumangamo, ndipo mu 1890 chigwacho chinasandutsidwa paki. Rock Creek akuyendabe poyera. Tiber anadutsa pamalo athyathyathya amene aliyense ankawafuna.

Chifukwa chake dzinali limabwerera m'nkhani

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pano mwambiwu ukugwira ntchito monga mmene ulili, osati mophiphiritsa. Kukwirira kamtsinje kumachotsa gombe ndi mabango, koma sikusuntha zitunda. Denga lija likadali chipendekere momwemo. Kusiyana kwake n'kwakuti kale mvula inkalowa m'nthaka n'kumatsika pang'onopang'ono, pamene lero imagwera pa malata ndi phula n'kuthamanga yonse nthawi imodzi.

Kumapeto kwa Juni 2006 kunagwa mvula yamphamvu kwa masiku angapo. Madzi anadzaza Constitution Avenue n'kulowa m'zipinda zapansi za nyumba za boma za m'dera la Federal Triangle. Likulu la bungwe lotolera misonkho la Internal Revenue Service linatsekedwa kwa miyezi. Ku National Archives, kumene amasunga zikalata zoyambirira za dzikolo, madzi anadzaza holo yapansi yoonetseramo mafilimu, ngakhale zikalatazo sizinakhudzidwe. Madzi amenewa sanachokere mu Potomac. Inali mvula yogwa mumzinda momwemo, imene inaposa mphamvu ya mapaipi n'kutsikira kumene Tiber ankadutsa.

Kumtunda, anthu a ku Bloomingdale anaona madzi osakanikirana ndi zonyansa akutumphuka m'zipinda zawo zapansi kangapo m'chaka cha 2012. Paipi yaikulu ya kumeneko ndi ya m'zaka za m'ma 1800, yomangidwa nyumba zili zochepa. Bungwe loona za madzi mumzindawu, la DC Water, linakumba mphanga zikuluzikulu pansi kwambiri zoti zizisunga madzi mvula ikachuluka: First Street Tunnel inatha mu 2016, Northeast Boundary Tunnel mu 2023.

Nkhani zoterezi zikamveka, pamabweranso mawu akuti Washington anamangidwa padambo. Olemba mbiri ambiri amati mawuwa ndi okokomeza. Mbali yaikulu ya malo amene anasankhidwa inali minda, nkhalango ndi zitunda zouma. Madambo analipo, koma m'mphepete mwa Tiber ndi m'magombe. Kungoti mzere wonyowawo ndi umene unadzakhala pakati penipeni pa boma, ndiye mlendo aliyense ankauona ndi kuununkhiza.

Zimene sizinagamulidwe

Funso loyamba ndi la tanthauzo. Kodi madzi oyenda m'mphanga ya njerwa, osakanikirana ndi za m'zimbudzi, othira kumene sankathira, akadali Tiber Creek? Mainjiniya amatchulabe paipi yaikuluyo ndi dzina limeneli. Wa za madzi anganene kuti kamtsinje ndi dera lake lotolera madzi, ndipo deralo lilipo. Wina anganene kuti kamtsinje kopanda gombe, nsomba kapena atsekwe katsala dzina lokha.

Lachiwiri ndi lakuti kangafukulidwe kapena ayi. Mizinda ina yachitapo zimenezi. Ku Seoul, m'dziko la South Korea, anagwetsa msewu wam'mwamba pakati pa 2003 ndi 2005 n'kutsegulanso kamtsinje ka Cheonggyecheon, ngakhale otsutsa amakumbutsa kuti madzi ambiri oyenda mmenemo amachita kupopedwa. Mu Washington momwemo, mbali ya kamtsinje ka Broad Branch inatulutsidwa m'paipi mu 2014. Ofuna kuti Tiber aonekenso amati madzi oyenda poyera amachepetsa kutentha ndipo amapatsa mvula kopita. Okayikira amafunsa kumene magalimoto a Constitution Avenue angapite, ndalama zolekanitsira madzi a mvula ndi zonyansa zichokera kuti, ndiponso chingachitike n'chiyani ku maziko a nyumba zimene zinamangidwa pa mizati yokhomedwa m'matope a kamtsinjeko.

Lachitatu ndi la kukula kwa mphanga zatsopano zija. Zinayezedwa potengera mvula ya mlingo wina wake, ndipo akatswiri akukambiranabe ngati mlingo umenewo udzakwanire pamene mvula zamphamvu zikuchulukira kum'mawa kwa America, madzi a Potomac nawo akukwera limodzi ndi nyanja.

Ndipo ngati tsiku lina kachigawo kena katatulutsidwa poyera, penapake kumtunda kumene kuli malo, padzafunika chikwangwani. Mfundo ya bungwe la mayina imati litsatidwe dzina limene anthu a pamalopo akugwiritsa ntchito, koma palibe munthu wamoyo amene anatungapo madzi m'kamtsinjeka. Ena adzafuna Tiber wa pa chikalata cha 1663 ndi pulani ya L'Enfant, ena Goose wa alimi, ndipo enanso adzafunsa ngati si nthawi yoti afunsidwe a mtundu wa Piscataway, abale a anthu a Nacotchtank, amene akukhalabe ku Maryland.